Mbale Yopita kwa Aneba



Pa 25 Disembala moto umayaka molawirira m'makomo ambiri kwathu kuno. Tambala amene wakhala akusungidwa miyezi ingapo amagwidwa, mpunga wa Kilombero wochokera ku Karonga umanunkhira mpaka kumsewu, ana amayenda monyang'ama ndi zovala zatsopano, akulambalala matope a dzinja. A ku Lilongwe, a ku Blantyre, ngakhale a ku Joni, amathithikana m'mabasi kuti akadye ndi agogo. Tikaweruka kutchalitchi, mwana amatumidwa ndi mbale yovundikira kwa aneba, osafunsa kuti iwo aphika chiyani.

Koma taonani, mbale imeneyi imayenda tsiku limene ambiri akhuta kale. Pofika Febuluwale nkhokwe zapepuka, chimanga sichinakhwime, ndalama inathera ku fizi ya Januwale. Apo mpamene agogo aja amagonera phala, foni ili zii, alendo onse anabwerera kutauni.

Ndalama yochepa pa Mpamba kapena Airtel Money mwezi umenewo imafika patali kuposa kireti ya Fanta ya Disembala. Musanapite kuntchito lero, aimbireni amayi kumudzi, muwafunse ngati ufa ulipo.