Lichero la Mtolankhani

Mtolankhani ali ngati mayi wopeta mphale. Pa zinthu zambirimbiri zochitika tsiku limodzi, zina amazisunga m'lichero, zina amaziuluza ngati madeya. Koma kodi iye amapeta potsata muyeso wanji?

M'mwezi wa June 2023 mudachitika ngozi ziwiri zapanyanja. Pa 14 June, bwato la asodzi lochokera ku Libya lidamira kufupi ndi Pylos, m'dziko la Greece, litadzaza anthu ofuna kukasaka moyo ku Ulaya. Opulumuka adali 104 okha. Mazanamazana adatsala m'madzi. Patangopita masiku anayi, kasitima koyenda pansi pa madzi kotchedwa Titan kadasowa m'nyanja ya Atlantic kali ndi anthu asanu. Iwowa ankapita kukaona zotsalira za Titanic, sitima yomwe idamira mu 1912. Nyuzipepala ndi mawailesi akuluakulu adakakamira pa anthu asanuwo usana ndi usiku, pomwe nkhani ya ku Greece idazirala msanga.

Zifukwa zake n'zosabisika. Ulendo wa Titan udali wachilendo, ndipo chachilendo chimakopa maso. Anthu asanuwo adali ndi maina, zithunzi ndi mbiri zodziwika. Ena mwa iwo adali mpondamatiki. Koposa zonse, nkhaniyo idali isadathe. Kudamveka kuti mpweya wa m'kasitimako ukwanira maola 96, choncho dziko lidakhala likuwerenga maolawo mtima uli m'mwamba, mpaka zidutswa zake zidapezeka pa 22 June. Tsono imfa za osamuka pa nyanja ya Mediterranean zachitika kawirikawiri, kotero kuti makutu adazizolowera. Chomvetsa chisoni ndi ichi: tsoka likamabwerezabwereza limakula, koma nkhani yake imachepa.

Ena amati mtolankhani alibe mlandu, pakuti amangoguza zomwe owerenga afuna. Mawuwa ali ndi choona, chifukwa nyuzipepala yosagulidwa imafa. Komabe owerenga sangafune kumva za munthu amene sadamuonetsedwe. Aliyense wa m'bwato lija adali ndi dzina, mudzi ndi mayi womudikira, ndipo ambiri adali ochokera ku Pakistan, Syria ndi Egypt. Atolankhani ochepa amene adapita kukacheza ndi mabanja awo adapeza nkhani zogwira mtima zedi. Kungoti ulendo wotere umadya ndalama ndi masiku, pomwe za Titan zinkangofika zokha pa desiki ola lililonse.