Citsime ca m'Dimba ndi Mwana Wosaitanidwa

Ku England anthu a m'mizinda amabwereka timinda ta ndiwo, ndipo ena amamangamo tinyumba ta magalasi kuti tomato asafe ndi cisanu. Mkuntho ukaomba magalasi amasweka, zidutswa zace nkugwera m'njira mopita ana; cifukwa ca ici eni malo ena amakana magalasi, nalola pulasitiki yekha. Ku Chipata nyumba zotere nzosowa, koma funso lace liripo ndithu m'madimba a m'mbali mwa Lutembwe ndi Lunkhwakwa. Kumeneko coopsya ndico citsime cothirira mbeu m'cirimwe, cakuya kuposa msinkhu wa munthu, cosabvundikira.

Tsono mwana akadutsa pa mpanda kukathyola nzimbe, nagwa m'citsimemo, mlandu ngwa yani? Mwini dimba adzati, "Sindinamuitane ine, anadzera kuba." Mau awa sali opanda pace, pakuti munthuyo anakhetsa thukuta m'munda wace wace, ndipo popanda madziwo ndiwo zace sizikafika ku msika wa Kapata. Makolo a mwanayo naonso ali ndi mbali yao, poti sanamuyang'anire.

Kwa zaka zambiri malamulo a ku England anali kumbali ya mwini malo. Koma mu 1972 oweruza akulu a House of Lords anamva mlandu wa mnyamata wa zaka 6 amene analowera pa mpanda wogumuka, napsya kowopsya pa njanji ya magetsi. A njanji anali kudziwa kuti ana amadzera pamenepo, koma mpandawo sanaukonze. Oweruza anati ngakhale wolowa mosaloledwa ayenera kucitiridwa zaumunthu, ndipo mu 1984 lamulo linalembedwa lonena za anthu oterewa.

Mutu wa nkhani uli pa kudziwa. Mwana amaona nzimbe zokha. Kuya kwa citsime akudziwa ndi amene anacikumba, ndipo iye akudziwanso kuti ana a m'mudzi sapirira poona nzimbe. Kuba nzimbe ndi kulakwa, koma dipo lace ndi cidzudzulo pamaso pa anyakwawa, si maliro ai. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo sanapatulepo mwana wopulupudza.

Codabwitsa ncakuti mlimi yemweyo amatha masiku ambiri akudula minga ndi kumanga mpanda woletsa mbuzi ndi ng'ombe. Kuyala mitengo pakamwa pa citsime ndi kutsinjikapo miyala ndi nchito ya mmawa umodzi, dzuwa lisanatenthe.