Kodi Mau Opanda Nkhope Ali ndi Mwini?

Chisenga ndi dera la m'boma la Chitipa, m'tsinde mwa mapiri a Mafinga, pafupi ndi malire a dziko lathu ndi Zambia. Mseu wochokera ku Chitipa kupita ku Nthalire ndi ku Nyika umadzera kumeneko. Kwa zaka zambiri, uthenga wofika kumalo otere unkayenda ndi miyendo. Unkabwera ndi mthenga wa mfumu, ndi kalata ya mwana wogwira ntchito ku migodi ya ku Zambia, kapena ndi mlendo wotsika galimoto atachita mbuu ndi fumbi. Ngakhale wailesi ya MBC, imene idayamba mu 1964, inkatchula dzina la wotumiza uthenga wa maliro. Motero mau aliwonse anali ndi mwiniwake, ndipo womva ankadziŵa khomo lokagogoda ngati nkhaniyo ipezeka yabodza.

Masiku ano lamya ya m'manja yafika ponseponse. Wachinyamata wa ku Chisenga angathe kuŵerenga nkhani yolembedwa ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena ku London, nkulemba ndemanga yake pansi pake nsima isanapse. Chimenechi nchinthu chabwino, ndipo tiyenera kuchiyamikira. Komabe chatibweretsera funso limene makolo athu sadakumane nalo m'njira yotere. Kodi mau amene munthu walemba pa intaneti, atadzibisa ndi dzina lopeka, ndi akebe? Nanga amene sadalembe kanthu, koma wangopatsira ena zimene walandira, ali ndi gawo pa mlandu wake?

Tiyambe takumbukira zimene zinkasunga lilime pabwalo la milandu. Choyamba inali nkhope, pakuti woneneza mnzake ankaimirira pamaso pa munthuyo ndi abale ake. Chachiŵiri inali nthaŵi, popeza mlandu sunkazengedwa tsiku limene mitima yatentha. Chachitatu zinali mboni, ndipo chachinai chinali chindapusa: wopezeka kuti wanamizira mnzake ankapereka nkhuku kapena mbuzi anthu onse akuona. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ankadziŵa kuti mau amabwerera kwa mwiniwake. Tsono pa masamba a mchezo zinai zonsezi zidachoka nthaŵi imodzi. Wonyozedwa sitimuona, yankho timalemba mtima ukadali m'mwamba, mboni palibe wofunsa, ndipo chindapusa palibe wolipiritsa.

Pamenepa wina angaganize kuti mankhwala ake nkutseka anthu pakamwa. Ife Amalaŵi tikudziŵa kuŵaŵa kwa mankhwala ameneŵa. Panali nthaŵi pamene munthu ankayamba wacheuka asanalankhule, ngakhale m'nyumba yake yomwe. Pa 8 Malichi 1992, kalata ya Maepiskopi idaŵerengedwa m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse, ndipo mwa zina idadandaula kuti anthu analibe ufulu wonena zakukhosi. Pa 14 Juni 1993 anthu adasankha ndale za zipani zambiri, ndipo malamulo aakulu a dziko a mu 1994 adateteza ufulu wolankhula. Mu 2025 khoti lidagamula kuti gawo 200 la malamulo a milandu, limene linkalola kuzenga munthu mlandu waupandu chifukwa choipitsa mbiri ya wina, nlosemphana ndi ufulu umenewu. Tiyeneranso kuvomereza kuti bwalo lakale silinkapereka mpata wofanana kwa onse, pakuti kaŵirikaŵiri amai ndi achinyamata ankangomvera. Lero mai wa ku Chisenga angathe kufunsa poyera chifukwa chake mlatho sudakonzedwe. Ufulu umenewu udagulidwa ndi misozi, ndipo sitifuna kuubweza. Koma pamene wapolisi wachoka pakhomo pa lilime, ntchito yaulonda imatsalira chikumbumtima.

Kuti timvetse chifukwa chake ntchito imeneyi njovuta, tiyenera kudziŵa mwini bwalo latsopanoli. Facebook idayamba mu 2004, WhatsApp mu 2009, ndipo mu 2014 kampani ya Facebook idagula WhatsApp pa mtengo wolengezedwa wa madola 19 biliyoni. Ife timalipira mayunitsi kwa TNM kapena Airtel, koma kwa eni mapulogalamuŵa sitipereka khobidi. Nanga chuma chao chimachokera kuti? Mbali yaikulu imachokera kwa otsatsa malonda, amene amalipira kuti katundu wao afike pamaso pathu. Choncho chimene makampani monga Meta, Google ndi TikTok amalimbirana ndi nthaŵi yathu. Amene watisunga pa galasi la lamya maola ambiri ndiye wapambana. Ndipo zidapezeka kuti munthu wokwiya sachoka msanga. Mu 2021 Frances Haugen, amene ankagwira ntchito ku Facebook, adatulutsa zikalata za m'kati mwa kampaniyo. Zikalatazo zidaonetsa kuti kuyambira mu 2017 tizithunzi toonetsa mmene munthu wamvera, kuphatikizapo kankhope kokwiya, tinkaŵerengedwa kasanu kuposa chala chovomereza posankha nkhani zoika patsogolo. Pambuyo pake kampaniyo idasintha kaŵerengedweka, koma phunziro lake lidatsala: mkangano ndi malonda.

Taonani mmene timakanganira ngakhale pa zinthu zazing'ono. Nkhani ikatuluka yakuti kwabwera lamya yatsopano, kapena kuti mtengo wa intaneti wasintha, pansi pake pamadzaza ndemanga. Wa iPhone aseka wa Itel kuti ngwosauka, wa Tecno anyoza wa Samsung kuti ngwodzitama, wa netiweki iyi atukwana wa netiweki inayo. Posakhalitsa nkhani ya lamya yaiŵalika, ayamba kutchulana mitundu ndi zigawo, uyu akuti inu akumpoto, uyo akuti inu akumwera. Eni makampaniwo sadziŵa ngakhale dzina la mmodzi mwa omenyera nkhondo aoŵa. Anthu aŵiri amene akadakumana pa basi akadagaŵana chinangwa, amagona atadana chifukwa cha katundu wa mlendo. Kudziŵa kuti bwaloli lidamangidwa motere sikutichotsera mlandu ai. Woledzera sapulumuka ponena kuti wogulitsa moŵa ankafuna phindu. Komabe munthu wodziŵa kuti pali msampha amayenda mosamala kuposa wosadziŵa.

Palinso china chokhudza Chitipa mwapadera. Boma limeneli nlodziŵika ndi zilankhulo zake zambiri: Chilambya, Chinyiha, Chindali, Chisukwa, Chitumbuka, Chinamwanga ndi zina. Makampani aja amati ali ndi antchito ndi makina ochotsa mau achidani, koma makina amamva bwino zilankhulo zokhazo zimene zidalembedwa kwambiri. Pulogalamu yomasulira ya Google idalandira Chicheŵa mu 2014, ndipo Chitumbuka chidadikira mpaka 2024. Nanga chitonzo cholembedwa m'Chilambya adzachimva ndani ku California? Mu 2018 Facebook idavomereza yokha kuti siidachite zokwanira poletsa mau osonkhezera chiwawa ku Myanmar, dziko la anthu mamiliyoni ambiri. Tisadzinamize tsono kuti kuli mlonda wakutali amene akuyang'anira gulu la pa WhatsApp la mudzi wathu. Mauthenga a pa WhatsApp ngotsekedwa mwakuti ngakhale kampani yake siiŵaŵerenga. Mlonda yekhayo amene alipo ndi ife amene tili m'gulumo.

Tibwere tsopano kwa uja amati, ine ndangotumiza momwe ndalandirira. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala 2017, mphekesera ya anamapopa idafala ku Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka ku Blantyre, pakamwa ndi pa lamya pomwe. Anthu osachepera 8 adaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, ndipo bungwe la United Nations lidayamba lachotsa antchito ake m'maboma ena. Ku India, anthu osalakwa ataphedwa chifukwa cha mphekesera za kuba ana, WhatsApp idalamula mu 2018 kuti uthenga usatumizidwe ku malo oposa 5 nthaŵi imodzi, ndipo mu 2019 lamuloli lidafika padziko lonse. Kampaniyo idaona kuti ngozi yaikulu ili pa otumiza, pakuti wopeka bodza ndi mmodzi, koma onyamula ndi zikwi. M'mwezi wa Okutobala, udzu utauma m'mapiri a Mafinga, woyatsa moto ali ndi mlandu. Kodi amene watenga chikuni pamotopo nkukachiponya m'munda wa mnzake anganene kuti iye sadakhwatche machesi?

Tiganizire za agogo okhala okha kumapeto kwa mudzi. Mwana wamwalira mwadzidzidzi, ndipo wina walemba m'gulu kuti tonse tikudziŵa amene wachita izi. Winanso waika chithunzi cha nyumba ya agogowo. Khumi atumiza kwa anzao, makumi asanu aŵerenga nkukhala chete. Lamulo la mu 1911 lokhudza ufiti limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, komabe okalamba akhala akumenyedwa ndi kuphedwa m'maboma osiyanasiyana chifukwa cha mau otere. Usiku umene miyala idzagwe pa denga la agogowo, aliyense adzati si ine. Koma mwala uliwonse udayamba wakhala mau, ndipo mauwo adadutsa m'manja mwa anthu odziŵika maina. Madzi akatayika saoleka.

Komatu pali chotsutsa chimodzi chimene sitingachinyalanyaze. Dzina lopeka nthaŵi zina limateteza chilungamo. Wantchito amene waona mankhwala akubedwa, kapena mlimi amene waona maina abodza pa mndandanda wa feteleza wotsika mtengo, angachotsedwe ntchito kapena kusalidwa ngati alankhula poyera. Tikati aliyense aonetse nkhope, ndiye kuti tathandiza akuba. Tsono kubisala pakokha si tchimo. Chofunika nkufunsa kuti munthuyo akubisalira yani, ndipo chifukwa chiyani. Wina amabisala poopa wamphamvu amene angamupweteke chifukwa cha choona. Wina amabisala kuti apweteke wofooka popanda kuchita manyazi. Woyambayo amakhala ndi umboni, amanena zimene adaona yekha, ndipo ngwokonzeka kuupereka kwa oyenera ngati amuteteza. Wachiŵiriyo umboni alibe, amakonda kunena za thupi, za banja ndi za mtundu wa mnzake, ndipo atati atulukire poyera angasoŵe poyang'ana. Tidziŵenso kuti kubisalako nkoperewera. Kuyambira mu 2018 nambala za lamya zimalembetsedwa ndi chiphaso, ndipo lamulo la mu 2016 loona za mauthenga a pa makina limaletsa kuzunza ndi kuwopseza ena pa intaneti. Komabe munthu amene amaleka choipa pongoopa kugwidwa sadafike pa umunthu weniweni.

Yankho la funso lathu tsono nlakuti mau alibe umasiye. Chimene chimapanga mau kukhala athu ndi kufuna kwathu, pakuti tidasankha tokha kuŵatulutsa. Dzina lingasinthe, koma amene adasankha ndi yemweyo. Ndiponso mau amaumba mwiniwake. Munthu wozoloŵera kutukwana usiku pa lamya sangakhale wofatsa masana kwa nthaŵi yaitali, chifukwa mtima ndi umodzi. Mbiri yabwino ya mnzathu ndi chuma chake, mwina chokhacho chimene ali nacho. Mtsikana amene chithunzi chake chafalitsidwa ndi mau onyoza angasiye sukulu, ndipo mphunzitsi wonamiziridwa angataye ulemu umene adaumanga zaka 20. Wakuba mbuzi angathe kubweza mbuzi, koma wakuba mbiri adzayenda makomo angati?

Ngakhale zili choncho, kubweza nkofunika ndithu. Amene wafalitsa bodza m'gulu abwerere m'gulu lomwelo, anene poyera kuti nkhani ija siinali yoona, ndipo apepese kwa mwiniwake maso ndi maso. Kungofufuta uthenga mwakachetechete kuli ngati kukwirira phulusa nyumba itapsa kale. Woyang'anira gulu, amene timamutcha adimini, adziŵe kuti wakhala pa mpando wa nyakwaŵa, ndipo ali ndi udindo woimitsa nkhani yoneneza munthu amene palibe. Ife oŵerenga chabe tisapeputse mphamvu ya funso laulemu lakuti, kodi achimwene, mwaziona nokha? Funso limeneli, likafunsidwa msanga, lingazime moto umene pambuyo pake mudzi wonse ungalephere kuuzima.

M'mabanja mwathu, makolo ambiri amaopa lamya chifukwa ana amaidziŵa kuposa iwo. Koma chimene mwana akusoŵa si luso la zala. Akusoŵa nzeru ija yakale yodziŵa kuti kuseri kwa dzina lililonse kuli munthu, wokhala ndi mai ake ndi ana ake, amene amamva kuŵaŵa monga ife. Nzeru imeneyi agogo osadziŵa kulemba ali nayo yochuluka. Nchifukwa chake nkwabwino kuti madzulo, pa mphasa, mwana aŵerengere makolo ake zimene zikukambidwa m'magulu, ndipo makolo amufunse kuti wanena ndani, waziona ndani, ndipo zikapezeka zabodza alire ndani. Tisanalembe kanthu za munthu, tidzifunse ngati tingathe kunena mau omwewo titakhala pakhonde pake, amai ake akumva. Ngati tingathe, tilembe mopanda mantha, ngakhale akhale mau oŵaŵa kwa akuluakulu. Ngati sitingathe, tiike lamyayo pansi, nkhaniyo igone, tidzaione maŵa.