Kodi kudikiritsa wolumala si kumukana komwe?

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine sinditsutsana nawo. Koma ndaona kuti mwambi umenewu umatuluka msanga pakamwa pa munthu wokhala kuseri kwa tebulo kusiyana ndi pakamwa pa uja waima kutsogolo kwake atanyamula mafomu. Tsono lero ndati tifunsane, inu awerengi, za kudikira kwa mtundu umodzi: kwa munthu amene walumala kapena wadwala mwakuti sangathenso kugwira ntchito, pamene boma lake linamulonjeza ndalama ya mwezi ndi mwezi. Boma likamuuza kuti "badikirani", kodi lamuvomera kapena lamukana?

Chitsanzo ndatenga cha ku America, ndipo ndatero dala. Kumeneko palibe anganamizire kuti mapepala atha kapena fayilo yadyedwa ndi chiswe. Ngati kudikira kulipo ngakhale m'dziko lolemera chotero, ndiye kuti gwero lake si umphawi wokha.

Dongosolo lawo linakhazikitsidwa mu 1956 pansi pa Social Security. Munthu wapantchito amadulidwa kangachepe pa malipiro ake, abwana ake nawonso n'kusonkhapo, kuti tsiku lopuwala likadzafika adzakhale ndi podalira. Choncho si mphatso ayi, ndi inshuwalansi imene mwini wake anailipira ndi thukuta. Lamulo likuti woyenera kulandira ndi yekhayo amene vuto lake lamulepheretsa kugwira ntchito yopezera ndalama zooneka, ndipo vutolo likhale loti litenga miyezi 12 kapena kupitirira, apo ayi loti limutengera kumanda.

Kudikira koyamba n'kolembedwa m'lamulo momwemo. Kwa miyezi 5 yathunthu chilumalire, munthu salandira kanthu, ndipo ndalama za miyezi imeneyi sadzaziona mpaka kalekale. Poyamba inali miyezi 6, koma mu 1972 aphungu a Congress anachotsapo umodzi. Chaka chomwecho analola kuti olumala azithandizidwa kuchipatala kudzera mu Medicare, koma atadikiranso miyezi 24 chiyambire kuyenera kulandira ndalama zija. Phatikizani nokha: miyezi 29. Munthu amene boma lomwelo lavomereza kuti ali mu ululu woopsa ndi amene likumuuza kuti za dokotala tidzakambirana pakatha pafupifupi zaka ziwiri ndi theka.

Oikira kumbuyo lamuloli ali ndi mfundo zawo, ndipo si zopusa. Amati miyezi 5 ija imasiyanitsa wothyoka mwendo amene achira ndi amene sadzadzukanso, amatinso thumba la boma lili ndi malire, ndipo munthu amene anali pantchito ayenera kuti anasungako kena kake. Mfundo yachiwiriyi ndi yoona. Yachitatuyi ndiye ayi, ikuchita kuonetsa kuti woinena sanalipireko lendi pa malipiro a mlonda.

Kudikira kwachiwiri sikunalembedwe paliponse, ndi mzere basi. Mu 2024 yankho loyamba lokha linkatenga miyezi yoposa 7, ndipo oposa theka la opempha amakanidwa pa ulendo woyambawu. Wokanidwa amachita apilo kuti ofesi iunikenso, akakanidwanso amapita pamaso pa woweruza, kenaka ku bungwe la apilo, pomaliza kukhoti. Mu 2020 ofesi yofufuza ntchito za boma ya GAO inapeza kuti pakati pa 2008 ndi 2019, anthu 109,725 anamwalira asanamve chigamulo chomaliza cha apilo yawo, ndipo pakati pa 2014 ndi 2019 enanso pafupifupi 48,000 anakalengeza kukhoti kuti ngongole zawapyola msinkhu adakali pamzere. Zoona, si onse akanapambana, ndiponso si onse anaphedwa ndi kudikirako. Koma aliyense wa iwo anafunsa funso n'kufa osayankhidwa.

Chimene chimandibaya ine ndi ichi. Wolumala akakanidwa amapatsidwa masiku 60 kuti achite apilo, akachedwa popanda chifukwa chomveka nkhani yake yagwa. Nanga boma lili ndi masiku angati? Mu 1984, pa mlandu wa Heckler v. Day, khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti makhoti alibe mphamvu yoikira ofesiyi malire a masiku oweruzira nkhani zimenezi. Ndiye kuti koloko imaluma mbali imodzi yokha. Wopuwala, amene mwina ngakhale cholembera chikumuvuta kugwira, ndiye athamange. Wamphamvu, amene ali ndi makalaliki ndi makompyuta, ayende m'mene afunira.

Tsono tiyeni tilowe m'kati mwenimweni mwa nkhaniyi. Aliyense wogawa chuma cha anthu angathe kulakwa pawiri. Angathe kupatsa wabodza, angathenso kumana woona. Kuzipewa zonse ziwiri kotheratu n'kosatheka, pakuti ululu wamsana suoneka ndi maso ndipo dokotala si mlauli. Ukakhwimitsa chipata kuti wabodza asalowe, woona amagona panja. Ukachifewetsa, wabodza amalowa nawo. Choncho boma lililonse limasankha kulakwa kumene lingathe kugona nako tulo. Ndipo pafupifupi nthawi zonse limasankha kumana woona. Bwanji? Chifukwa ndalama yopita kwa wabodza imaoneka m'mabuku, ofufuza amaipeza, nyuzipepala ngati inoyi zimailemba pa tsamba loyamba, wina n'kuchotsedwa ntchito. Koma munthu wogulitsa nyumba yake adakali pamzere salowa m'buku la kalaliki aliyense. Palibe anasayina kuti avutike. Ichi ndicho chimachititsa kudikiritsa kukhala kokoma kwa olamula: ndi chigamulo chopanda mwini wake. Kukana kumafuna siginecha ndi chifukwa, ndipo munthu angathe kukutsutsa. Kuchedwa sikufuna chilichonse, nanga uchita apilo yotani pa yankho limene silinabwere?

Pali msampha winanso umene anthu sautchula kawirikawiri. Podikira muja mimba siipita kutchuthi. Munthu amadzikoka n'kukagwira kaganyu kuti ana adye. Koma mu 2024, wopeza ndalama zoposa madola 1,550 pamwezi ankaonedwa ngati wotha kugwira ntchito, ndiye pempho lake linali pangozi yokanidwa. Taonani tsono: kuti akukhulupirire kuti sungathe, uyenera kukhala osagwira ntchito miyezi yonseyo, ndipo kuti ukhale osagwira ntchito uyenera kukhala ndi wokudyetsa. Amene ali ndi mkazi wapantchito kapena mchimwene wopeza bwino amafika kumapeto kwa mzere. Amene alibe aliyense amagwa panjira, kapena kulimbikira kwake komwe kumasanduka umboni womutsutsa. Sefa yotereyi sikusefa abodza, abale anga, ikusefa osowa achibale.

Wina ati, komatu akapambana amapatsidwa ndalama zonse za m'mbuyo nthawi imodzi, ndiye walakwiridwa chiyani? Apa ndi pamene ine ndimasiyana ndi owerengera ndalama. Iwo amaona ngati dola ya lero ndi dola ya chaka chamawa ndi imodzimodzi. Kwa boma mwina n'zoona, pakuti boma silikalamba. Koma lendi ya mu January siilipiridwa mu December, mwininyumba anakutulutsa kale. Mankhwala amene sunamwe chaka chatha sungawamwe onse lero. Ndalamayo ikamafika imapeza angongole ali pakhomo, ndipo loya amene anakuyankhulira amatengapo gawo limodzi mwa magawo anayi, mpaka malire amene mu 2024 anakwezedwa kufika madola 9,200. Maloya sindikuwada, nanga si popanda iwo ambiri sakanapambana n'komwe. Ndikungoti ndi chodabwitsa kuti mtengo wa kuchedwa kwa ofesi umadulidwa pa mbale ya wochedwetsedwayo.

Kuno kwathu ena ati, aaa, imeneyo ndi nkhani ya okhuta, ife ngakhale mzerewo tilibe. Zoonadi, tilibe ndalama ya mwezi ndi mwezi yofikira munthu aliyense waulumali chifukwa cha ulumali wakewo. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, amayang'ana khomo losaukitsitsa lopanda wogwira ntchito. Koma omenyera ufulu wa aulumali akamapempha ndalama yotereyi, asamangofunsa kuti zingati, afunsenso kuti liti, ndipo yankho lilembedwe m'lamulo. Anzathu a ku South Africa amanena poyera kuti pempho lingatenge mpaka miyezi itatu, ndipo likavomerezedwa amawerengera kuyambira tsiku limene munthu anapereka mafomu.

Kuti mudziwe kuti kudikira kumeneku si mvula yochokera kumwamba, onani zimene a ku America omwewo anachita atafuna. Odwala ALS, nthenda yofoola minofu imene imapha ambiri m'zaka zochepa, anachotseredwa miyezi 24 ija mu 2001, ndipo mu 2020 anachotseredwanso miyezi 5 ija. Mu 2008 anayambitsa ndandanda ya matenda oopsa amene pempho lake limadumpha mzere. Ndipo m'dongosolo lina la osaukitsitsa, lotchedwa SSI, munthu amene vuto lake n'loonekeratu, monga wakhungu kotheratu kapena wodulidwa mwendo m'chiuno, angathe kuyamba kulandira mpaka miyezi 6 chigamulo chisanatuluke, ndipo zikadzapezeka kuti ulumali wake sunafike pa muyeso wa lamulo, samuuza kuti abweze. Pamenepo boma linasankha kulakwa kwinako, kopatsa msanga, ndipo thumba silinabooke. Koma dalaivala wa lole amene sitiroko yamufoola mbali imodzi, amene anadulidwa malipiro zaka 20, miyezi 5 ija akuiwerengabe.