Chenicheni Chimasasa

Mawu akuti "chenicheni" ndi opepuka pakamwa. Timati uyu ndi mlembi weniweni, ichi ndiye Chichewa chenicheni, ndipo m'misonkhano yathu mawuwa aphapo ndakatulo zambiri zisanayambe n'kukwawa komwe. Koma wina akatifunsa kuti chenichenicho tachidziwira pati, timangokanda m'mutu. Tsono ndati funsoli tikalione kutali, ku Britain, kumene anthu adakangana zaka zambiri pa nkhani ya mowa, mpaka ena mwa iwo adalowa m'khitchini nayamba kufulula okha.

M'zaka za m'ma 1960 makampani asanu ndi limodzi adameza mafakitale ambiri ang'onoang'ono a mowa m'dzikomo. Mowa umene makampaniwa adalimbikira kugulitsa udali wosefedwa, wotenthetsedwa kuti yisiti afe, wotsekeredwa mumgolo wotchedwa keg, ndipo pothira m'tambula ankaukankha ndi mpweya wochita kugula. Wotchuka mwa mowa wotere udali Watneys Red Barrel. M'chaka cha 1971 anyamata anayi a ku England, ali paulendo ku Ireland, adayambitsa bungwe lolimbana ndi mchitidwewu, lomwe likudziwika ndi dzina loti CAMRA, ndipo m'1973 bungweli lidayamba kugwiritsa ntchito mawu akuti real ale, ndiye kuti mowa weniweni. Tanthauzo lake adaliika poyera: mowa umene ukupitiriza kuwira m'chiwiya chomwe akuutungamo, wosaukankha ndi mpweya wochokera kunja. Kunena mwachidule, mowa wamoyo. Ife odziwa masese sitingadabwe nazo; ngakhale paketi ya Chibuku adaisiyira kabowo pamwamba kuti mowa uzipuma.

Kufulula panyumba kudali kutamasulidwa kale pang'ono. Kuyambira m'1880, pa nthawi ya Gladstone, wofuna kufulula mowa wakumwa yekha ankayenera kudula chiphaso, ndipo lamuloli adalichotsa m'1963 ndi Reginald Maudling, nduna ya zachuma. Chimene sadachotse n'chakuti mowa wapanyumba sugulitsidwa. Mfundo imeneyi muisunge, tiifunanso.

Ntchito yake ili motere. Munthu amatenga makilogalamu anayi kapena kuposerapo a chimera cha balere chophwanya, nachiviika m'madzi otentha madigiri 66 kwa ola limodzi kapena limodzi ndi theka, kuti ufa wa m'chimeracho usanduke shuga. Madzi akatenthetsa chimera chimafa mphamvu. Akazizira shuga amatuluka mwina. Madzi otsekemerawo amawatsanula, nawawiritsa pamodzi ndi maluwa owawa a chomera chotchedwa hops, makamaka mitundu ya Fuggle ndi Goldings. Ena amathiramo mchere wa gypsum potsanzira madzi a m'zitsime za ku Burton-on-Trent. Akaziziritsa amathira yisiti, nadikira ngati sabata. Zikatero amathira mowawo mumgolo pamodzi ndi shuga pang'ono kuti uwirenso, nausunga pozizira madigiri 11 mpaka 13. Tsiku lathunthu limathera pa moto ndi kutsuka ziwiya, ndipo chotuluka ndi magaloni 5, malita 23, matambula 40 a painti.

Nanga uweniweni wa mowawu uli pati? Yankho lofulumira ndi lakuti ndi wamakolo. Komatu makolo ake ati? Chisanafike chaka cha 1400, chimene Angerezi ankatcha ale chidalibe hops n'komwe, ndipo ofulula ake ambiri adali amayi, m'makomo mwawo. Hops adabwera ndi alendo ochokera ku Holland ndi Flanders, ndipo m'1542 sing'anga wina wolemba mabuku, Andrew Boorde, adali akadanenabe kuti mowa wa hops ndi wa Adatchi, wosayenera thupi la Mngerezi. Balere wa Maris Otter, amene ofulula panyumba amamulemekeza ngati agogo, adatuluka m'manja mwa akatswiri a mbewu m'zaka za m'ma 1960, zaka zomwezo za keg. Mwambo umene ankauteteza m'1971 udali mlendo wa dzana amene adakhalitsa pamudzi mpaka kulowa ufumu.

Yankho lachiwiri ndi lakuti ndi weniweni chifukwa munthu waupanga ndi manja ake. Ili limandikopa, koma nalonso lili ndi chibowo. Dave Line, amene mabuku ake adaphunzitsa Angerezi ambiri kufulula ndi chimera, adatulutsa buku m'1978 lotchedwa Brewing Beers Like Those You Buy, lophunzitsa kufulula mowa wofanana ndi wogula. Taganizani: munthu wathawa sitolo, wakhetsa thukuta tsiku lonse, cholinga chake n'chakuti mnzake akalawa anene kuti, "Ukukoma ngati wa kusitolo." Chimera wagula, hops wagula, yisiti wagula m'kapaketi. Ngati kutsanzira kumachotsa uweniweni, ameneyu ndi wonyenga. Ndipo ife tonse amene tidaphunzira kulemba potsanzira mabuku a ena tili naye m'khola limodzi.

Chatsala ndi moyo uja, ndipo apa ndi pamene nkhani ikusiya kukhala ya lilime n'kukhala ya chikumbumtima. Chamoyo chimafa. Mgolo wa mowa wamoyo ukatsegulidwa, mpweya wa panja umalowa pamene mowa ukutuluka, ndipo pakatha masiku atatu kapena anayi mowa wayamba kusasa. Okonda real ale amanena izi monyadira: tsiku lachiwiri mowa sukoma ngati loyamba, mgolo uwu sufanana ndi uwo, ndipo m'kusinthasinthamo ndi mmene muli kukoma. Walira mvula walira matope, iwo amatero m'chinenero chawo.

Koma matopewo akuponda ndani? Keg sidabwere chifukwa cha umbombo wa makampani wokha. Idabweranso chifukwa eni mabala ena sankasamala migolo yawo, ndipo munthu wogwira ntchito m'fakitale, atawerenga tindalama take Lachisanu madzulo, ankapatsidwa mowa wamatope, wosasa. Kwa iyeyu mowa wakufa umene ukoma chimodzimodzi lero ndi mawa udali chilungamo. Munthu wamatumba olemera angathe kuyamikira ngozi, pakuti tambula imodzi ikaipa aitanitsa ina. Ine sindiona ulemu uliwonse m'kutamanda chinthu chosadalirika pamene wolipira kusadalirikako ndi wina. Ndipo CAMRA yomwe idafewa: kwa zaka zambiri idakana kachipangizo kotchedwa cask breather, kolowetsa mpweya wotetezera mowa mumgolo kuti usasase msanga, koma m'2018 idasiya kukanako.

Wofulula panyumba yekha ndiye amene funsoli silimugwira pakhosi, pakuti wopanga ngozi ndi woilipira ali munthu mmodzi. Akapanda kutsuka bwino chidebe, malita 23 aja asanduka viniga, ndipo palibe kampani yoti akaidandaulire, palibe wogula woti amukankhire. Chimera, nkhuni zake za magetsi, Loweruka lake lonse, zapita m'ngalande. Ndikuganiza kuti chimene timamva tikati chinthu n'chenicheni ndi ichi: kuti chikadatha kulephereka, ndipo pali munthu wodziwika nkhope amene akadasenza kulepherekako. Mowa wa keg ulibe nkhope yotere. Ndakatulo yolembedwa motsata chikombole, yoti singalakwe chifukwa siyesa kanthu, nayonso ilibe.

Lamulo la 1963 lija likubwerera pano. Mowawu sugulitsidwa, ndipo munthu mmodzi sangamalize matambula 40 m'masiku anayi n'kukhalabe munthu. Tsono mgolo womwewo umamukakamiza kuitana anzake. Mayi wofulula masese amadziwa zomwezi: tsiku lakupsa mowa ndilo tsiku loitana anthu, silisunthika. Zoonadi, Mngerezi ali ndi pothawira. Angathe kuthira mowa m'mabotolo, mmene umakhala wamoyo miyezi ingapo, namamwa yekha botolo limodzi usiku uliwonse zitseko zili zotseka. Malamulo a CAMRA amauvomereza mowa wam'botolo wotere, ndipo ine sindiutsutsa, ngakhale ndimaona kuti china chake chatsalira mumgolo.

Komabe ndisamuyeretse kwambiri munthuyu. Mphatso nayo ili ndi chinyengo chake, pakuti wolandira chaulere sadandaula. Amameza, namwetulira, nati zikomo. Lafika tsiku lachinayi, mumgolo mwatsala matambula khumi. Wofulula walawa, ndipo lilime lamuuza zimene mlendo mwina sazindikira mpaka tambula yachiwiri. Ngalande ili pomwepo pakhitchini, ndipo mlendoyo wagogoda kale pakhomo.