MPINGO UNAYAMBA PA MAGWERO

Werengani Zekariya 4:6-10 ndi Ezara 3:10-13.

Pamene Ayuda anabwerako ku ukapolo wa ku Babulo, Zerubabele anaika maziko a Kacisi watsopano. Anyamata anapfuula mokondwera, koma nkhalamba zimene zinaona nyumba ya Solomo zinalira misozi, pakuti nchito yatsopanoyo inacepa m'maso mwao. Pamenepo Yehova anatuma mneneri Zekariya kukadzudzula mtima wopeputsa ciyambi cacing'ono. Mtima womwewo ulipo pakati pathu lero. M'midzi yambiri Akristu amasonkhana khumi kapena makumi awiri m'kanyumba ka mapemphero kodontha, ndipo ena amati, "Ife ndife ciani? Mpingo weniweni uli ku tauni." Cifukwa cace tiyeni tikumbuke mbiri ya mpingo wa pa Magwero, kufupi ndi Chipata.

M'caka ca 1898 dziko la Angoni linali m'cisoni cacikuru. Nkhondo ya Azungu inagonjetsa Mpezeni, mwana wace Nsingo anaphedwa, ng'ombe zambirimbiri zinalandidwa, midzi inatenthedwa. Munthu woyesa monga mwa nzeru za dziko akadati iyi si nyengo yofesa mbeu. Komatu m'masiku omwewo mau anafika kwa amishoni a Dutch ku Nyasaland, ndilo Malawi wa lero, kuti Mpezeni walola aphunzitsi alowe m'dziko lace. Mpingo wa ku Orange Free State, ku South Africa, unabvomera kusenza katunduyo, nutuma abusa awiri, P. J. Smit ndi J. M. Hofmeyr. Iwo anafika pa Magwero pa 5 July 1899.

Taganizani za msonkhano wa masiku oyambawo. Panalibe nyumba ya njerwa, panalibenso akulu a mpingo kapena Cigwirizano ca amai. Ngakhale Buku Lopatulika lathunthu m'Cinyanja panalibe, popeza linasindikizidwa m'caka ca 1922. Panali anthu owerengeka, okhala pansi, akumva Uthenga umene sanaumvepo ndi kale lonse. Wofuna ubatizo anayamba waphunzira m'kalasi nthawi yaitali, ndipo si onse anapirira.

Koma taonani cimene Mulungu anacita ndi kagulu kameneko. Madzimoyo anatsegulidwa m'caka ca 1903, Nyanje m'caka ca 1905, ndi Nsadzu m'caka ca 1908. Pa Magwero pomwepo anayamba kuphunzitsa ana akhungu, pambuyo pace ndi ogontha omwe, ana amene dziko linawayesa opanda pace. M'caka ca 1929 Justo Mwale anadzozedwa, nakhala mbusa woyamba wa mtundu wathu mu mpingo umenewu, ndipo sukulu ya ubusa ku Lusaka imachedwa ndi dzina lace. Mpingo umene kuyambira 1968 umachedwa Reformed Church in Zambia unatumphuka pa kasupe ameneyo. Dzina lakuti Magwero linauyeneradi malowo.

Tsono tifunse: anawanditsa Uthenga m'midzi ndani? Amishoni anali ocepa, ndipo dziko nlalikuru. Anausenza ndiwo aphunzitsi a sukulu za m'midzi ndi alaliki oyenda pansi, amai otunga madzi ozirira nyumba ya Mulungu, ndi nkhalamba zomweta udzu wofolera. Maina ao ambiri sanalembedwe m'buku liri lonse la pansi pano, koma Mwini munda awadziwa onse. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Cotero inu a mpingo waung'ono, mverani mau atatu awa. Coyamba, musaleke kusonkhana cifukwa mbusa afika kamodzi pa miyezi ingapo. Mkulu wa mpingo awerenge Mau, enanu muyimbe ndi kupemphera, pakuti Ambuye sawerenga mitu asanalowe pakhomo. Caciwiri, musayembekeze thandizo la kutali pokonza denga lanu. Makolo anu anaumba njerwa ndi manja ao, napereka cimanga ndi nkhuku. Cacitatu, lembani mbiri ya mpingo wanu caka cino cisanathe. Pitani kwa agogo amene atsala, muwafunse kuti anayamba kulalikira pano ndani, anapempherera pansi pa mtengo uti, anabatizidwa poyamba ndani. Nkhalamba ikagona isanafunsidwe, mbiri ilowa nayo m'manda, ndipo ana athu adzayesa kuti cikhulupiriro cinangomera cokha ngati bowa.

Mbale wanga, ngati Sabata likudzali udzapeza anthu asanu okha m'nyumba ya mapemphero, usabwerere pakhomo. Lowa, ukhale wacisanu ndi cimodzi. Mulungu wa Zerubabele, amene anayamba nchito yace pa Magwero ndi anthu owerengeka, sanasinthe, ndipo adzatsiriza cimene anayamba pamudzi panu. Amen.