Za Moto Wotumizidwa Kumwezi

Abale, usiku umodzi wa pamwezi utalika monga masiku athu 14, ndipo makina odalira dzuwa angozizidwa nafooka. Chifukwa chake anzeru alikukonza ting'anjo tating'ono ta nyukiliya, m'mene uranium atentha popanda nkhuni kapena mpweya, napatsa magetsi zaka zambiri. M'chaka cha 2018 a NASA anayesa kang'anjo kotere ku Nevada, ndipo kanagwira ntchito bwino.

Kodi kutumiza moto wotere kuthambo ndiko kuchimwa? Ife titi iai, pakuti nzeru zichokera kwa Mulungu, ndipo moto wophika nsima ndiwo womwe utentha nkhokwe. Mlandu uli pa wokolezayo.

Taonani chimene chinachitika mu January 1978. Chombo cha Soviet Union, dzina lake Kosmos 954, chinagwa pamodzi ndi ng'anjo yake, ndipo zidutswa zapoizoni zinamwazika kumpoto kwa Canada, kumene anthu asaka nyama ndi kupha nsomba. Anthu amenewo sanafunsidwe kanthu, ngakhale kuotha motowo sanaothe. Pambuyo pake a Soviet analipira madola a Canada mamiliyoni 3, komatu kulipira sikulingana ndi kusamala.

Tidziwa tonse kuti munthu asanatenthe mapesi m'munda mwake ayamba walambula m'malire, kuti munda wa mnzake upulumuke. Chomwechonso womanga ng'anjozi adzifunse asanakoleze: ikagwa, idzagwera yani? Funso lomweli litiyenera ifenso pa ntchito iliyonse ya manja athu, pakuti mnansi wathu ndiye yense amene utsi wathu umfikira.